Pulofesa Amene Anakhala Kumbuyo kwa Kalasi Yanga

1

Dzina langa ndine Tiza Mvula. Ndimaphunzitsa zaumoyo wa anthu pa yunivesite ina ya kuno ku Lusaka, ija ya geti lalikulu lowala koma zimbudzi zopanda madzi. Dzina lake sinditchula, eni ake akudzidziwa. Ndinabadwira ku Kanyama, komboni ya anthu osauka, ndipo ndikukhalabe komweko ndi amayi anga, ba Justina, amene anandilera okha pogulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo, pamsika. Anzanga a kuntchito amadabwa kuti munthu wa madigiri awiri angamakwere bwanji minibasi ya ku Kanyama, nsapato zili m'chikwama nthawi ya mvula. Ine sindinawapemphe kuti adabwe.

Chaka chimene ndikunenachi ndi chimene ndinapempha kuti andikweze ndikhale lekichara wamkulu. Pa sukulu yathu nkhani imeneyi si ya ulemu chabe. Ukakhala nthawi yaitali pa mpando umodzi osakwera, kontirakiti yako ikatha sakuwonjezera ina. Yanga inali pafupi kutha.

Kuti ukwere, komiti imayang'ana zimene wafufuza n'kusindikiza, imamva zimene ophunzira ako akunena za iwe, kenako imatumiza munthu wamkulu kuti adzakhale kumbuyo kwa kalasi yako tsiku limodzi aone mmene umaphunzitsira. Pomva zimakoma. Koma ine ndakhalitsa pa sukulupo, ndipo ndaona mmene anthu amaphikira zinthu zimenezi.

Tengani Desmond, amene ndinkakhala naye ofesi imodzi. Desmond amawerengera ophunzira manotsi amene iye mwini analemba ali mwana wa sukulu, mapepala ake ofiirira ngati mano a munthu wosuta fodya. Ikayandikira nthawi yoti ophunzira anene maganizo awo, mayeso ake amafewa mwadzidzidzi, aliyense amakhoza, ndipo ana amamutamanda ngati mngelo. Tsiku loti woyesa abwere amavala suti, amabwereka pulojekita, n'kugawiratu mafunso kwa ana okhala kutsogolo kuti adzafunse ngati angowaganiza pomwepo. Desmond anakwezedwa ine ndikuona, ndipo anatigulira makeke.

2

Amene anandibweretsera uthenga wa munthu amene adzandione m'kalasi ndi Desmond yemweyo. Analowa mu ofesi akutafuna chimanga chootcha, nakhala pa tebulo langa.

“Mwamvela, ba Tiza? Bakupasani ba Miti. Munabalakwila chani?”

Pulofesa Silas Miti anali wapampando wa komiti yoona za kaphunzitsidwe. Anabwera pa sukulu yathu ine nditayamba kale ntchito, atatopa ndi mayiko a kunja. Anali wamtali, wa imvi zometedwa bwino, mkulu wa mpingo ku tchalitchi china cha anthu a magalimoto. Chingerezi chake chinkatulukira m'mphuno. Chinyanja sankalankhula ndi munthu aliyense, ngakhale mayi wosesa mu ofesi mwake. Akamadutsa m'khonde, anthu ankapatuka ngati kukudutsa maliro.

Desmond anandiuza kuti chodabwitsa n'chakuti Pulofesa sankapita yekha kukaona anthu akuphunzitsa, ankangotuma ang'onoang'ono. Koma za ine anachita kupempha yekha.

Ine ndinakondwa. Ndikunena zoona, mtima unandigunda ngati wa mtsikana amene amusankha kukavina pamaso pa alendo. Desmond anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. Chifukwa chokondwera ndinali nacho, koma iye sindinamuuze, ndipo inunso mudikire pang'ono.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi atamasula belo la salaula pakhonde, akusankha zovala za ana. Ndinawauza dzina la amene adzabwere kudzandiona. Manja awo anaima m'kati mwa kajuzi kena. Anandiuza kuti ndipemphe andipatse munthu wina. Ndinakana.

“Iwe Tiza,” anatero osandiyang'ana, “vinthu vina ni vosiya chabe.”

Atatero anapitiriza kusankha zovala, ndipo tsiku limenelo sitinakambenso za nkhaniyi.

Ndinakonzekera phunzirolo kuposa mmene ndinakonzekerera mayeso anga omaliza. Ndinakaluka tsitsi. Ndinagula diresi m'sitolo ya m'tauni, ine mwana wa mayi wogulitsa zovala. Ndikakumbukira diresi limenelo lero, ndimadziseka ndekha.

3

Kalasi yanga inali ya Loweruka, ya anthu apantchito. Ambiri anali manesi ndi azaumoyo oyenda m'makomboni, ochokera ku Chawama, ku George, ku Matero. Ena anasiya sukulu kalekale, ndipo Chingerezi cha m'mabuku chimawatsamwa. Choncho ine ndimaphunzitsa m'Chingerezi monga lamulo linenera, koma ndikaona nkhope zauma, ndimabwereza mfundoyo m'Chinyanja mpaka maso atseguke.

Tsiku limenelo phunziro linali la kolera. Ndinajambula pa bolodi chimbudzi chokumba ndi chitsime chosazama, n'kufotokoza mmene mwala wa pansi pa Kanyama ulili ndi mabowo, kotero kuti mvula ikagwa madzi a m'chimbudzi ndi a m'chitsime amakumana pansi popanda wowaona. Ndinabwera ndi mabotolo awiri. Lina linali la madzi oyera mbee a m'chitsime cha pafupi ndi kwathu, lina la madzi ofiirira a pampopi wa kiyosiki tsiku limene anakonza paipi. Ndinawafunsa kuti angamwetse mwana wawo ati.

Kalasi inagawanika. Mayi wina wa ku Chawama anaimirira n'kunena kuti iye wamwa madzi a m'chitsime kuyambira ali mwana ndipo sanafe. Nesi wina wa ku George anamuyankha kuti amene anafa sangabwere kudzatsutsa. Anthu anaseka, anakangana, anajambula okha pa bolodi. Inali imodzi mwa makalasi abwino kwambiri amene ndinaphunzitsapo, ndipo ndinkadziwa zimenezo ndili pomwepo.

Pulofesa anafika mochedwa. Anapukuta mpando wa kumbuyo ndi mpango wa m'thumba asanakhale. Bolodi sanaliyang'ane n'kamodzi komwe. Nthawi yambiri anali pa foni. Nthawi ina nditakweza maso ndinapeza akundiyang'anitsitsa, osati manja anga kapena mabotolo, koma nkhope, ndipo maso athu atakumana anathawitsa ake. Anatuluka phunziro lisanathe, osatsanzika.

Ndinadzitonthoza kuti anthu akuluakulu amatero. Ndinaganiza kuti zimene waona zamukwanira.

4

Patapita masabata angapo anandiitana Dokotala Ketty Zimba, mkulu wa gawo lathu. Ba Ketty ndi mayi wa nkhope yachifundo, wa mtundu uja umene umakugwira dzanja mwachikondi uku akukutsekera chitseko. Anandipatsa tiyi, nandiuza kuti komiti yakana pempho langa.

Anati zofufuza zanga zinali zokwanira, ndipo ophunzira amanditamanda kuposa wina aliyense m'gawo lathu. Koma Pulofesa anauza komiti kuti kalasi yanga ili ngati msika wa Soweto, kuti ndimalankhula chinenero cha m'misewu, kuti ndimabweretsa madzi auve m'chipinda chophunziriramo, ndipo ndikutsitsa ulemu wa yunivesite. Za matamando a ophunzira anati n'zosadabwitsa, chifukwa anthu a m'makomboni amakonda mnzawo.

Ndinafunsa ngati mwa anthu ena a m'komitimo alipo amene anandionapo ndikuphunzitsa. Ba Ketty anayang'ana m'kapu mwawo. Panalibe. Anthu ophunzira mpaka imvi, madokotala a izi ndi izo, anangogwedeza mitu ngati abuluzi pa khoma, chifukwa amene walankhula ndi Miti ndipo nthawi ya chakudya inali itakwana.

Anandiuza kuti ndili ndi ufulu wochita apilo, koma anawonjezera mofatsa kuti sanaonepo munthu amene anapambana Pulofesa. Pamene ndinkatuluka anati Pulofesa mwini akufuna kundiona ku ofesi kwake.

5

Ofesi yake inali yozizira ngati mochare. Anandilozera mpando, nayamba kulankhula Chingerezi chake cha m'mphuno chija. Anati ndisataye mtima. Anati pali koleji ina ku Chipata imene ikufuna munthu ngati ine, mkulu wake ndi mnzake, ndipo iye akhoza kundinenera mawu abwino ndikangovomera kupita. Anati ndine mphunzitsi waluso ndipo kumeneko akandikonda.

Ndinamufunsa kuti ngati ndine mphunzitsi waluso, n'chifukwa chiyani anauza komiti zosiyana.

Anaimirira, anakatseka chitseko bwinobwino, nabwerera pa mpando wake. Atatsegula pakamwa, panatuluka Chichewa chenicheni cha kum'mawa, chosalala, chimene anachibisa zaka zonsezi.

“Amako Justina akali moyo?”

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikukubisirani. Silas Miti ndi bambo anga.

Ali mnyamata pa yunivesite, ankachita lendi kachipinda ku Kalingalinga, pa nyumba ya agogo anga. Amayi anali mtsikana, ankamuchapira ndi kumuphikira monga mwana wa mwini nyumba. Anawalonjeza ukwati. Mimba itaoneka, iye anali atapeza kale mwayi wokaphunzira kunja. Pamaso pa akuluakulu anakana kuti mimbayo si yake, ananyamula mabuku ake, ndipo sanabwerenso. Agogo anathamangitsa amayi chifukwa cha manyazi, ndipo anakakhala kwa azakhali awo ku Kanyama, kumene ine ndinabadwira. Amayi anandiuza dzina lake nditakula, kamodzi kokha, n'kundilumbiritsa kuti ndisadzamufunefune.

Sindinamufunefune. Anachita kubwera yekha pa sukulu imene ndinkagwira ntchito. Ndipo nthawi yonseyi ine ndinkakhulupirira kuti sakundidziwa. Ndinkamupatsa moni m'khonde, iye n'kungogwedeza mutu, ine n'kumati m'mtima, munthu uyu akanadziwa. Ndinali ndi kamaloto kanga kopusa. Ndinkafuna adzandione ndikuphunzitsa, adzanene pamaso pa anthu kuti mtsikana uyu ndi katswiri, ndiyeno tsiku lina ine ndidzamuuze kuti katswiriyo ndi mwana amene anamukana. Diresi lija ndinagulira zimenezo.

Ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Anati tsiku loyamba limene anamva dzina la Mvula n'kuona nkhope yanga, chifukwa ndinafanana ndi mlongo wake amene anamwalira.

“Mvetsa, mwana iwe,” anatero. “Lusaka ndi yaing'ono. Ndili ndi banja, ndili ndi mpingo. Ukakwera uyamba kukhala nane m'misonkhano, tebulo limodzi, ndipo anthu ali ndi maso. Pita ku Chipata. Kumeneko n'kwanu komwe, ukakhala bwino.”

Ndinadikira kuti mwina afunsa kuti tinkadya chiyani, kapena kuti ndani anandilipirira sukulu, kapena kuti amayi anakwatiwanso kapena ayi. Sanafunse. Anangoyang'ana wotchi yake.

Ndinamuyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Ndinaona nkhalamba yamantha, yopaka mafuta onunkhira, imene inali yokonzeka kuchotsa mwana wake ntchito kuti isasowe mtendere pa tebulo la msonkhano. Munthu amene ndinamulota zaka zonsezo anali wamng'ono kuposa Desmond. Desmond amanamiza komiti kuti akwere yekha, sagwetsa munthu.

Ndinamuuza m'Chingerezi kuti ndamva malangizo ake, n'kutuluka.

6

Amayi ndinawapeza pamsika, akupinda mabulangete poti mitambo inali itada. Ndinawathandiza kunyamula, ndipo titafika kunyumba ndinawauza zonse. Sanadabwe. Anati munthu amene anatha kuyang'ana bambo awo m'maso n'kukana mimba sangalephere kukana kalasi.

Ndiyeno ndinawauza chimene ndinkafuna kuchita. Pa sukulu yathu pali lamulo lakuti munthu sayesa m'bale wake. Ndikanena pa apilo kuti Miti ndi bambo anga, mawu ake onse agwa.

Amayi anakhala pansi pa mpando wa pakhonde. Vuto linali lakuti ku Kanyama konse anthu ankadziwa kuti bambo anga anafa pa ngozi ya basi ine ndisanabadwe. Bodza limenelo analiyamba ndi azakhali awo pofuna kuwateteza, ndipo amayi anakhala nalo moyo wawo wonse. Anali mayi wamasiye wolemekezeka, wapampando wa amayi a chigwirizano ku tchalitchi kwathu, amene ankalangiza atsikana za kudzisunga.

“Nakulela popanda dzina yake,” anatero. “Sininamupemphepo olo sopo. Manje iwe ufuna univule chitenge pakati pa msika chifukwa cha mpando?”

Ndinawauza kuti si mpando chabe, ndi ntchito, ndipo ikatha tonse tidzadalira tebulo la salaula. Anati tinadalira tebulo lomwelo kale ndipo sitinafe. Anati ndipite ku Chipata. Mawu amenewo anandipweteka kuposa a Miti, chifukwa anali omwewo. Anthu awiri amene sanaonane kuyambira ine ndisanabadwe anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti ine ndichoke kuti iwo asachite manyazi.

Tinakangana mpaka mvula inayamba, madzi n'kulowa pabwalo. Tinasiya mkangano kuti tiike matumba a mchenga pakhomo. Titamaliza, amayi anati ndichite zimene ndikufuna, koma ndisadzayembekeze kuti adzandiimbira nthungululu.

7

Apilo inachitikira m'chipinda cha misonkhano cha pamwamba, chimene chili ndi makatani olemera. Pa tebulo panali tiyi ndi mabisiketi. Ba Ketty ndi amene ankatsogolera. Miti anakhala chakumanja kwawo, poti anaitanidwa kudzafotokoza zimene anaona m'kalasi mwanga. Ena onse anali anthu omwe aja ogwedeza mitu.

Msonkhano uliwonse wotere umayamba ndi funso limodzi limene amalifunsa mwamwambo, ngati pemphero la chakudya. Ba Ketty analifunsa uku akuthira shuga. Anafunsa ngati alipo m'chipindamo amene ali pa chibale ndi wodandaula, kapena amene ali ndi chifukwa china chomulepheretsa kuweruza mwachilungamo.

Ndinamupatsa mpata Miti. Ndikufuna zimenezi zidziwike. Ndinamuyang'ana, ndinadikira, ndipo akanangonena kuti sakumva bwino n'kutuluka, mwina ndikanakhala chete. Iye anatenga bisiketi n'kuliviika mu tiyi.

Ba Ketty anali atayamba kale kunena kuti palibe, pamene ndinakweza dzanja.

“Alipo,” ndinatero. “Pulofesa Miti ndi bambo anga ondibereka. Akudziwa, ndipo ankadziwa pamene anapempha kuti adzandione ndikuphunzitsa.”

Sipuni ya munthu wina inagwa pansi. Miti anaseka pang'ono, nauza komiti m'Chingerezi kuti mayi uyu wasokonezeka maganizo chifukwa cholephera, ndipo n'zomvetsa chisoni. Anati zimenezi zikungotsimikizira zimene iye ananena za khalidwe langa.

Ndinayankha kuti ine ndine wa zaumoyo, ndikudziwa kumene amayeza magazi a kholo ndi mwana, ndipo tikhoza kupita limodzi msonkhano ukangotha. Ndinati zotsatira zikasonyeza kuti ndanama, andichotse ntchito tsiku lomwelo ndipo akandisumire kukhoti.

Ndinaona maso a anthu akuchoka pa nkhope yake kubwera pa yanga, n'kubwereranso, kuyang'ana chipumi, mphuno, makutu. Anthu amene sanavutike kudzaona kalasi yanga tsopano ankandiyesa mwachidwi chenicheni.

Miti anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Kenako analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana tebulo.

“Zinali za unyamata.”

Ndi mawu okhawo amene bambo anga ananenapo povomereza kuti ndilipo. Ba Ketty anatseka msonkhano mofulumira, ngati munthu wovundikira mphika umene wagwera ntchentche.

8

Nkhaniyo inafika ku Kanyama ine ndisanatsike minibasi. Mwa ophunzira anga muli anthu a m'dera lathu, ndipo mafoni sagona.

Mlungu womwewo mkazi wa Miti anabwera pamsika ndi galimoto lalikulu. Sanatsike n'komwe, poopa matope. Anatsitsa galasi n'kuyamba kutukwana amayi pamaso pa makasitomala, kuwanena kuti ndi hule lakale limene latuma mwana wake kudzasokoneza banja la eni. Amayi anangopitiriza kupachika madiresi mpaka galimotolo linapita. Ku tchalitchi, amayi a chigwirizano anakhala pansi n'kuona kuti munthu amene ananama za umasiye sangatsogolere anzake. Ena mwa amene analankhula kwambiri ndi amene amayi anawasungira zinsinsi zoposa pamenepa.

Dzinja lonselo amayi sanandilankhule. Ankaphika, n'kundiikira chakudya pa tebulo, n'kukakhala kuchipinda. Nyumba yathu ndi yaing'ono, ndipo kukhala chete kwa munthu mmodzi kumadzaza zipinda zonse.

Sukulu inachita zimene sukulu zimachita. Inafafaniza mawu a Miti, n'kuitana munthu wa ku yunivesite ina, Dokotala Inonge Mubita, kuti adzandione. Mayi ameneyo anafika nthawi isanakwane, anakhala pakati pa ophunzira, ndipo phunziro litatha anandiitanira pambali. Anandiuza kuti ndimathamanga polankhula, kuti ndimakonda ophunzira olongolola n'kuiwala ofatsa, ndi kuti mafunso anga a mayeso ndi aatali mopanda chifukwa. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinandiwawa mokoma. Kanali koyamba kuti munthu wamkulu andidzudzule pa zimene waonadi. Komiti yomwe ija inagwedezanso mitu, ulendo uno mondivomera, ndipo ndinakwezedwa.

Palibe amene anabwerera kukafufuza anthu ena amene Miti anawagwetsa m'zaka zapitazo. Ndinafunsa ba Ketty, ndipo anandigwira dzanja n'kunena kuti tisadzutse zakale.

Miti anatula pansi udindo wa m'komiti, akuti chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Kumapeto kwa chaka anapuma ntchito, ndipo sukulu inamukonzera phwando pa kapinga, ndi matenti oyera. Ndinapita, chifukwa lekichara wamkulu amayenera kupezeka. Anthu analankhula motsatizana za nzeru zake ndi chilungamo chake. Wina anafika ponena kuti Pulofesa anali tate wa aliyense pa sukulu pano. Anthu anaomba m'manja, ena akundiyang'ana cham'mbali kuti aone ngati ndilira. Ine ndinali kudya nkhuku. Inali yophikidwa bwino.

9

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukufuna kumva kuti ndinamukhululukira Miti. Sanapemphe. Uthenga umodzi wokha umene ananditumizira unali wondichenjeza kuti ndisayese kufunafuna ana ake. Sindikuwafuna. Ena mukuti ndinalakwira amayi. Mtengo umene iwo analipira ndikuudziwa kuposa inu, poti ndinkagona nawo nyumba imodzi, koma sindingakunamizeni kuti ndikanabwerera ndikanapita ku Chipata.

Chimene ndikufuna mutenge n'chakuti, kaya ndi pa yunivesite, kaya kuchipatala, kaya pa kampani, pali zipinda zimene anthu ochepa amakhala ndi tiyi n'kuweruza ntchito ya munthu imene sanaionepo. Mmodzi akalankhula, ena amavomera kuti asachedwe. Ngati inu mumakhala m'chipinda chotere, dziwani kuti wolankhulayo akhoza kukhala ndi chifukwa chake chimene sanakuuzeni, ndipo kugwedeza mutu kwanuko ndi kumene kumachotsa munthu ntchito. Ine ndinapulumuka chifukwa ndinali ndi chinsinsi choopsa kuposa chake. Ambiri alibe, amangonyamula mabuku awo n'kupita.

Amayi anayambanso kundilankhula mvula itatha. Sitinapepesane. Tsiku lina anangondiuza kuti nsapato zanga zatha chidendene, ndipo moyo unapitirira. Ku chigwirizano sanabwererenso pa mpando, koma amapita ndipo amakhala kutsogolo, mutu uli chilili.

Posachedwapa ndinali nawo pamsika. Mayi wina wachilendo m'deralo, akuyesa jekete, anandiyang'ana n'kufunsa amayi mwaulemu ngati bambo a mwanayu anamwalira. Amayi anamukonzera kolala ya jeketeyo, namuyang'ana ngati yamukhala.

“Bali moyo,” anatero. “Koma malilo yao tinalila kudala, kalekale. Iyi jekete yakukwanani, tengani.”